Nkhope yakugwa pakhoma: mafunso ndi mayankho okhudza kudzijambula ndi penti wa mafuta

M'kachipinda kamene ndimagwiriramo ntchito ku Mufakose, kuno ku Harare, muli chithunzi chimodzi chimene sindigulitsa. Ndi nkhope yanga. Ndinayamba kuijambula mu June, patapita miyezi iwiri titaika bambo anga m'manda, ndipo burashi ndinaisiya mu September fumbi litavuta. Aliyense wolowa amayamba waima pamenepo, kenako mafunso amagwa ngati mvula, ena m'Chishona, ena m'Chichewa chathu chino cha ku Harare chimene abale akumudzi amachiseka. Ndasonkhanitsa amene amabwerezedwa kawirikawiri, pamodzi ndi a achinyamata amene amabwera Loweruka kudzaphunzira kugwira burashi.

Achimwene, bwanji simunadzijambule mukumwetulira?

Tayesani kukhala kutsogolo kwa kalilole mukumwetulira kwa maola atatu. Masaya amatopa mphindi zisanu zisanathe. Munthu wodzijambula amayang'ana kalilole, n'kuyang'ana thabwa, n'kubwereranso pa kalilole, mwina kambirimbiri pa ola limodzi, akuyeza kutalika kwa mphuno ndi pamene diso lathera. Pakamwa pamatsekeka pokha, pamphumi pamachita makwinya, maso amaima. Imeneyo ndi nkhope ya munthu amene ali pa ntchito, yomweyo imene telala amakhala nayo akamalowetsa ulusi pa singano. Ndiye gawo lina la zimene anthu amazitcha chisoni pa zithunzi zoterezi ndi chidwi chabe.

Koma ndinganame nditati zonse n'zomwezo. Nthawi imeneyo mtima wanga unali wolemera ndithu, ndipo kalilole sanandibisire. Zithunzi zomwetulira ndili nazo zambiri mu foni, zimene timatumiza pa WhatsApp kwa abale ku Ntcheu kuti aziona kuti kuno zikuyenda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinkafuna chithunzi chimodzi chokha chimene sindinachikonzere munthu wina aliyense.

Chisoni chimenechi n'chosiyana bwanji ndi kulira kwa pamaliro?

Pamaliro pamakhala anthu. Pamakhala nyimbo, moto wa panja, amayi m'nyumba, adzukulu akuseka anthu mwadala. Kulira kwa pamenepo n'kwa tonse. Chimene chili pa chithunzi changa ndi chija chimabwera anthu atabalalika, mipando yobwereka itabwezedwa, iwe n'kupeza nsapato za malemu zili pomwe anazivula. Sulira. Umangokhala duu, tiyi n'kuzizira m'kapu.

Ojambula a ku Ulaya ali ndi mawu awo a zimenezi, melancholia, ochokera ku Chigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi ndulu yakuda. Asing'anga awo akale ankakhulupirira kuti munthu wokhala ndwii nthawi zonse ndiye kuti ndulu yakuda yamuchulukira m'thupi. Mu 1514 Albrecht Dürer wa ku Germany anazokota pa chitsulo chithunzi chotchedwa Melencolia I: munthu wamapiko wakhala pansi, zipangizo za ntchito zili mbwee pomuzungulira, iye wagwira dzanja patsaya osachita kanthu. Nditachiona koyamba m'buku ndinaseka, chifukwa ndinakumbukira agogo anga aakazi. Akakupeza wagwira tsaya choncho ankakumenya kadzanjako n'kufunsa kuti, "Wafedwa?" Anthu awiriwa sanadziwane, koma dzanja la patsaya ankalimva mofanana.

N'chifukwa chiyani penti wa mafuta? Foni ilipo, pensulo ilipo.

Chifukwa amachedwa. Penti wa madzi amauma madziwo akauluka, ndipo wa acrylic amakhala atagwira musanamalize kumwa tiyi. Wa mafuta ndi wina. Ndi utoto wa ufa wosakanizidwa ndi mafuta a njere otchedwa linseed, ndipo mafutawo sauluka. Amakoka mpweya pang'onopang'ono mpaka kulimba ngati chikopa. Pamwamba pamagwirika pakapita tsiku limodzi mpaka masabata awiri, malinga ndi mtundu wa utoto ndi kukhuthala kwake, koma m'kati mumatenga miyezi.

Kuchedwa kumeneku kumapatsa zinthu ziwiri. Choyamba, penti akadali wofewa mutha kusakaniza kuwala ndi mthunzi pa thabwa pomwepo, kotero kuti tsaya limalowa mumdima popanda mzere wooneka pamene lasinthira. Chachiwiri, akauma mutha kupakanso kautoto kopyapyala koonekera m'kati, kamodzi, kawiri, kasanu, ndipo kuwala kumalowa m'zigawo zonsezo n'kubwerera ku diso. N'chifukwa chake mthunzi wa penti wa mafuta umaoneka wakuya ngati mungapisemo dzanja.

Ndiye pali china chimene mabuku satchula kawirikawiri. Foni imagwira nkhope ya sekondi imodzi. Chithunzi changa chili ndi maso a mu June, pamene ndinali kusowa tulo, ndi pakamwa pa mu August, pamene ndinali nditayambanso kudya bwino. Palibe tsiku limene ndinaonekapo choncho ndendende. Ndi nkhope ya nyengo yonse yozizira ija itaunjikana malo amodzi.

Ndani ena anadzijambulapo chotere?

Woyamba kumutchula ndi Rembrandt wa ku Netherlands, amene anabadwa mu 1606 n'kumwalira mu 1669. Anadzijambula pafupifupi ka 80 tikawerenga za penti, zozokota ndi zolemba pa pepala, kuyambira ali mnyamata wa tsitsi la nyankhalala mpaka chaka chimene anafa. Mukaziika pamzere mumaona moyo wa munthu ukutha ngati sopo. Ali ndi zaka za m'ma 30 anali wolemera, ankadzijambula atavala zaubweya ngati nduna. Kenako zinthu zinatembenuka. Ana ake atatu anamwalira ali makanda, mkazi wake Saskia anamwalira mu 1642, ndipo mu 1656 ngongole zinamugonjetsa mpaka katundu ndi nyumba zinagulitsidwa. Hendrickje, mayi amene anakhala naye pambuyo pake, anamwalira mu 1663, ndipo mwana wake Titus anatsatira mu 1668. Chithunzi chake cha 1659 chili ku Washington, ndipo cha 1669, ali ndi zaka 63, chili ku National Gallery ya ku London. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti pa zithunzi zomalizazi sakupempha chifundo. Mphuno yatupa, khungu lagwa, iye wangojambula zimene waona, mosamala ngati akujambula nkhope ya kasitomala wolipira bwino.

Vincent van Gogh anadzijambula koposa ka 35, kwambiri ali ku Paris pakati pa 1886 ndi 1888, ndipo chifukwa chake chinali chapafupi: analibe ndalama zolipira munthu woti amukhalire. Pablo Picasso ali ndi zaka 20, mu 1901, chaka chimene mnzake Casagemas anadzipha, anadzijambula atavala chijasi chakuda, masaya atalowa, kumbuyo kuli buluu yekhayekha. Frida Kahlo wa ku Mexico anavulala koopsa pa ngozi ya basi mu 1925, ali ndi zaka 18, ndipo anayamba kujambula atagona chagada, kalilole atamumangirira pamwamba pa bedi. Zithunzi zake zodzijambula zilipo 55.

Koma amene ndimamumva ngati mbale ndi Gerard Sekoto wa ku South Africa. Anabadwa mu 1913, anajambula moyo wa ku Sophiatown, District Six ndi Eastwood, ndipo mu 1940 Johannesburg Art Gallery inagula chithunzi chimene iye anajambula, koyamba kugula chojambulidwa ndi munthu wakuda. Mu 1947 anadzijambula yekha ndi penti wa mafuta, nkhope ili ndi kuwala kwa chikasu chobiriwirako, maso akuyang'ana cham'mbali ngati munthu wamva kuitana kumbuyo. Chaka chomwecho anapita ku Paris, ndipo sanabwererenso kwawo mpaka kumwalira mu 1993. Kwathu munthu wotero timati watchona. Ife ana a matchona nkhope imeneyo sitifunika kuimasuliridwa.

Koma amalume, izi si za azungu?

Penti wa m'machubu anabwera ndi iwo, zoona, monganso gitala ndi njinga. Mu mzinda uno nkhaniyi ili ndi mbiri yake. National Gallery of Zimbabwe, imene ili pa Julius Nyerere Way pafupi ndi Harare Gardens, inatsegulidwa mu 1957, ndipo mkulu wake woyamba Frank McEwen anayamba kupereka penti ndi maburashi kwa anthu akuda ogwira ntchito momwemo. Mmodzi wa iwo anali Thomas Mukarobgwa, amene ankayang'anira zipinda za zithunzi, ndipo ntchito zake za penti wa mafuta zinafika mpaka ku Museum of Modern Art ku New York. Pambuyo pake miyala ndiyo inatchuka, moti mpaka lero mlendo akamva za luso la Zimbabwe amaganiza zosema. Ngakhale kumeneko tilimo: ku Tengenenge, kufupi ndi Guruve, kumene Tom Blomefield anayambitsa zosema mu 1966, ambiri mwa osema oyambirira anali antchito a m'mafamu a fodya ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola, Achewa ndi Ayao ali m'gulumo.

Penti sanafe ayi. Gallery Delta, imene Derek Huggins ndi Helen Lieros anayambitsa mu 1975, inalera ojambula ambiri, mmodzi wa iwo Luis Meque amene anathawa nkhondo ku Mozambique n'kumwalira mu 1998 akadali wamng'ono. Lero mayina ngati Misheck Masamvu ndi Portia Zvavahera akudziwika kunja, ndipo pa ntchito zawo simupezapo anthu omwetulira kuti asangalatse alendo.

Kupanga nkhope nakonso si kwachilendo kwa ife. Aliyense amene anaonapo Gule Wamkulu, amene anzathu kuno amati zvigure, akudziwa kuti nkhope yosasuntha imatha kuseketsa, kuopsa kapena kumvetsa chisoni malinga ndi m'mene yapendekera. Za kudambwe sizikambidwa pano, ndingoti luso loika mtima pa nkhope tinali nalo kale.

Chimene tinalibe ndi mwayi wodzionetsa tokha. Agogo anga aamuna anabwera kuno, ku Halale monga ankatchulira, m'zaka za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, wapansi kudzera ku Tete. Chithunzi chawo chimene tili nacho n'chimodzi basi, cha pa chitupa. Wina anawauza poima, wina anawauza poyang'ana, wina anadinda chidindo pakona pa nkhope yawo. Ndikamakhala pa kalilole wanga ndimasankha ndekha kuwala, malaya ndi mbali yoti ndiyang'ane. Kwa mdzukulu wa munthu wa pa chitupa chija, imeneyo si nkhani yaing'ono.

Ndigwiritse ntchito kalilole kapena chithunzi cha pa foni?

Kalilole. Foni imakonza nkhope musanaipemphe: imawalitsa mithunzi, imasalaza khungu, ndipo ikakhala pafupi imakulitsa mphuno. Mukakopera pamenepo mukujambula maganizo a foni. Komanso mudzakhala mukukopera nkhope imene munaikonzekera, pamene pa kalilole nkhope yokonzekera ija imagwa yokha pakapita mphindi khumi, n'kutsala yeniyeni.

Dziwani kuti kalilole amatembenuza. Van Gogh anadzidula khutu lakumanzere ku Arles mu December 1888, koma pa chithunzi chimene anadzijambula mu January 1889, chimene chili ku Courtauld Gallery ku London, bandeji ikuoneka ngati ili kumanja. Nanenso chipsera changa cha pachikope chili mbali yolakwika, ndipo mlongo wanga ndiye anayamba kuona.

Za kuwala, sankhani zenera limodzi, ena onse mutseke ndi nsalu. Kuwala kuzichokera m'mbali ndi m'mwamba pang'ono, kuti theka la nkhope likhale mumthunzi. Mabuku a ku Ulaya amati zenera labwino ndi loyang'ana kumpoto, koma iwo ali mbali ina ya dziko. Kuno, makamaka m'miyezi yozizira dzuwa likamadutsa chakumpoto, zenera la kum'mwera ndilo limapereka kuwala kofatsa kosasinthasintha. Muzigwira ntchito maola omwewo tsiku lililonse, ndipo ikani chizindikiro cha choko pansi pamene pali miyendo ya mpando. Babu musalidalire. Mtundu wa kuwala kwake umanamiza, ndiponso magetsi athu mukuwadziwa.

Ndikufuna kuyamba. Ndigule chiyani?

Zochepa kuposa m'mene mukuganizira. Machubu asanu ndi limodzi akukwana: titanium white, yellow ochre, burnt sienna, burnt umber (wofiirira wodera), ultramarine (wabuluu), ndi wofiira mmodzi. Mayinawa ndi amene alembedwa pa machubu, ndipo mukawatchula choncho m'sitolo ya zojambulajambula m'tauni akumvani. Maburashi atatu a ubweya wolimba, kamodzi kofewa ka maso, kabotolo ka mafuta a linseed, turpentine wosungunulira penti, ndi sanza zambiri. Posakanizira penti, galasi lakale la zenera limagwira bwino ntchito.

Kanivasi, nsalu yojambulapo, ndi yodula, choncho yambani ndi thabwa lopyapyala la hardboard. Akalipentala a ku Mbare kapena ku Glen View amakhala ndi zidutswa zotsala. Musachite nayo manyazi: chithunzi chotchuka cha Frida Kahlo cha 1944, chija msana wake uli ngati mzati wosweka, chili pa thabwa la mtundu womwewu. Lipalenipo pang'ono ndi sandipepala, mupake gesso, penti woyera wokonzera pojambula, kawiri kapena katatu. Mukagwiritsa ntchito nsalu, musapake penti wa mafuta pa nsalu yosakonza, chifukwa mafutawo amalowa mu ulusi n'kuuwoletsa pakapita zaka.

Penti wa zitseko wa ku hadiweya musamuyese pa nkhope. Amayenderera, amagwira msanga, ndipo salola kusakaniza mofatsa. Tsegulani zenera mukamagwiritsa ntchito turpentine, makamaka ngati chipinda chomwecho ndi chogonamo. Ndipo ichi ndimachinena kwa aliyense kawiri: sanza zonyowa ndi mafuta a linseed musaziunjike pakona. Mafutawo akamakoka mpweya amatulutsa kutentha, ndipo mulu wa sanza utha kuyaka wokha usiku. Ziyanikeni panja chimodzichimodzi, kapena muziviike m'chitini cha madzi.

Khungu lathu likakhala mumthunzi limangosanduka matope. Ndikulakwitsa pati?

Mukugwiritsa ntchito wakuda ndi woyera, ndikhulupirira. Pafupifupi aliyense amayamba choncho: akafuna mthunzi amathira wakuda, akafuna kuwala amathira woyera, mapeto ake nkhope imatuwa ngati munthu wagona paphulusa.

Taonani bwino dzanja lanu pazenera. Khungu lakuda lili ndi mitundu yambiri kuposa m'mene timaganizira. Pamene kuwala kwagunda mwachindunji, pamphumi, pamphuno ndi pamwamba pa tsaya, khungu limanyezimira n'kutenga mtundu wa thambo, choncho pamakhala potuwira mwa buluu. Pambali pake pamabwera kufiirira kotentha, ngati dothi la ku Mazowe mvula itagwa. Kenako mthunzi, umene ndimaupanga ndi burnt umber ndi ultramarine. Awiriwa akasakanizana amada kwambiri koma amakhalabe ndi moyo, ndipo mutha kuwapendeketsa: umber akachuluka mthunzi umafunda, buluu akachuluka umazizira. M'kati mwa mthunziwo, chakunsi kwa chibwano, mumakhala kuwala kwina kofooka kobwerera kuchokera pa malaya kapena pakhoma. Mukakuiwala kumeneko mutu umaoneka wophwatalala ngati wodulidwa pa katoni.

Yambani ndi kupaka thabwa lonse burnt sienna wosungunula ndi turpentine, kuti kuyera kwa gesso kusakunamizeni. Mithunzi ikhale yopyapyala, powala pakhale pokhuthala. Woyera mumusunge mpaka kumapeto, ndipo ngakhale choyera cha m'diso si choyera. Pa chithunzi changa ndi chotuwa chodera, chakuda kuposa kolala ya malaya.

Chisoni chimakhala pati pa nkhope? Ndijambule misozi?

Ine ndimati ayi. Kahlo anajambula misozi ndipo inamukhala, koma iye anali ndi misomali thupi lonse pa chithunzicho, misozi inali yaing'ono pa zonsezo. Kwa ambiri a ife msozi umasandutsa chithunzi kukhala chikwangwani. Woonera amawerenga kuti "wachisoni" n'kudutsa.

Chimakhala m'tinthu ting'onoting'ono. Chikope cha m'mwamba chikatsika pang'ono n'kuphimba kachigawo ka mboni ya diso. Kadontho ka kuwala m'diso kakachepa kapena kakasowa. Ngodya za pakamwa, osati zokhotera pansi ngati za mwana wonyanyala, koma zongolekerera. Mapewa. Kumene maso akuyang'ana: akakuyang'anani amakufunsani, akayang'ana pambali panu amakusiyani panja. Ndiponso malo opanda kanthu. Mukaika mutu m'munsi pang'ono n'kusiya mdima waukulu pamwamba pake, munthuyo amaoneka wolemedwa musanajambule n'diso lomwe.

Komabe musayambe ndi kufuna kuti chioneke chachisoni. Ndinayesapo zimenezo ndili mnyamata, ndinakwinya nkhope dala pa kalilole, ndipo chimene chinatuluka chinali munthu wodwala dzino. Jambulani chimene chilipo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nkhope yanu nayo imatulutsa zake mukaikhalira nthawi yaitali osaikakamiza.

Changa chachita ming'alu, ndipo pena sipakuuma.

Ming'alu imabwera kawirikawiri mukapaka penti wouma msanga pamwamba pa wochedwa. Wapansi akamapitiriza kusuntha, wapamwamba amene walimba kale amasweka. Lamulo lake ndi lakuti zigawo zoyamba zikhale zopyapyala, za turpentine wambiri ndi mafuta ochepa, ndipo chigawo chilichonse chotsatira chikhale ndi mafuta ochulukirapo. Mitundu nayo siuma mofanana. Umber amagwira tsiku limodzi kapena awiri, pamene ivory black, alizarin ndi ma cadmium amatha sabata kapena kuposa.

M'nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka March, zonse zimachedwa. M'miyezi ya mphepo vuto ndi fumbi, choncho chithunzi chonyowa chizitsamira khoma chitayang'ana kukhomako, koma mpweya uzidutsa. Musachitsekere m'kabati: mumdima penti amachedwa kuuma ndipo mafuta amachita chikasu, ngakhale kuti chikasucho chimachepa mukachibwezera poyera. Malo ena akaoneka ofwifwa ngati aphwa, makamaka pa umber, ndiye kuti mafuta amwedwa ndi zigawo zapansi. Vanishi adzabwezeretsa, koma dikirani miyezi 6 mpaka 12 musanapake.

Kupachika nkhope yotere m'nyumba si kuitana tsoka? Nanga alipo angagule?

Azakhali anga atachiona anagwira pakamwa n'kunena kuti, "Mwanawe, ukudzilosera chiyani?" Ndinawamvetsa. Kwathu chithunzi chachikulu cha munthu mmodzi, chosamwetulira, timachiona patsogolo pa bokosi. Sindinatsutsane nawo. Akabwera ndimachitembenuza, timamwa tiyi bwinobwino, akapita ndimachibweza. Rembrandt anakhala zaka 40 akudzijambula, ndiye ngati kunali kulosera, kunachedwa kukwaniritsidwa.

Za msika, zoona zake n'zakuti njovu, mathithi ndi amayi osenza mitsuko zimayenda msanga kuposa nkhope ya mlendo wokhumudwa. Amene amagula zotere alipo, koma ndi ochepa ndipo amabwera mochedwa. Ngati lendi ikudikira, jambulani njovu masana, kalilole m'mawa. Palibe chamanyazi pamenepo.

Kodi kujambula kunakuchotserani chisoni? Ena amati waluso weniweni ayenera kuvutika.

Bodza limenelo lapweteka achinyamata ambiri. Van Gogh amene anthu amakonda kumutchula sankatha kugwira ntchito matenda akamugwira mwamphamvu. Ankajambula akapezako bwino. Kudzijambula kumafuna dzanja lokhazikika, maso opuma ndi m'mimba mokhuta. Masiku amene ndinali pansi penipeni sindinakhudze burashi.

Chimene chithunzichi chinandipatsa ndi chifukwa chodzukira. Kuwala kwabwino pa zenera langa kumayamba cha m'ma 8 koloko, ndipo penti amene ndinasakaniza dzulo sakanandidikira mpaka sabata yamawa. Zinandithandiza, koma si mankhwala. Kukhala wekha ndi kalilole maola ambiri kuthanso kukuzamitsa. Ngati masabata akudutsa musakugona, chakudya chisakulowa, kapena maganizo odzivulaza akubwera, siyani burashi mukalankhule ndi munthu. Anzathu Achishona amati kufungisisa, kuganiza mopitirira. Mu mzinda uno muli Friendship Bench, ntchito imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare mu 2006, pamene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi pa makiliniki n'kumvetsera munthu kwaulere. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nkhope ya pa kalilole siwerengedwa ngati mutu wachiwiri.

Munadziwa bwanji kuti chatha?

Sindinadziwe. Ndinangoona kuti chilichonse chimene ndikuwonjezera chikuchotsa china. Sabata yomaliza ndinakonza diso lakumanja katatu, ndipo katatu konse ndinapukuta n'kubwerera pamene linali. Komanso munthu wa pa kalilole anali atayamba kusiyana ndi wa pa thabwa. Kunja kunali kutafunda, majakaranda a m'tauni ali pafupi kuchita maluwa, ndipo ndikanapitiriza ndikanayamba kujambula munthu wina pamwamba pa woyambayo.

Vanishi ndinapaka chaka chotsatira, kenako ndinaitana amayi kuti adzaone. Ndinkaopa kuti alira. Anakhala pa mpando wanga uja, pa zizindikiro za choko, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Kenako analoza ndi chala.

"Kolala iyi bwanji yapindika chonchi? Anthu aziti ulibe ayironi."

Ndinayang'ana, ndipo inalidi yopindika. Malaya amenewo ndinawavala m'mawa uliwonse kwa miyezi inayi osaona. Ndinawauza kuti vanishi wauma kale, kukonza n'kovuta. Anapukusa mutu, n'kufunsa ngati m'nyumbamo muli shuga.